Chenjezo kwa makolo ndi achinyamata: musalipire fizi musanadziwe amene adzavomereze pepalalo

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, m'makomo ambiri tulo timasowa. Mwana wakhoza ndithu, koma dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma. Nyengo yomweyo ndi imene masukulu ophunzitsa zabizinesi amachita kutsanulira zotsatsa pa wailesi, pa Facebook, m'magulu a WhatsApp ndi pa zikwangwani za m'mphepete mwa msewu. Mawu ake ndi omwewo chaka ndi chaka: malo atsala ochepa, lembetsani lero, mukamaliza ntchito ya ku banki ikukudikirani. Kholo likamva zimenezi limathamangira kukhola kapena ku banki m'khonde, ndipo pofika Lolemba ndalama zapita.

Chonde, imani kaye. Ndagwira ntchito yowerengera ndalama kwa zaka zambiri, ndipo ndakhalapo pa tebulo lofunsa mafunso anthu ofuna ntchito. Ndaona achinyamata akhama ndi anzeru akubwezedwa pakhomo chifukwa pepala limene analikhetsera thukuta zaka zinayi silikudziwika kwa wina aliyense kupatula amene analisindikiza. Musanatulutse ngakhale tambala, dziwani kuti adzavomereze pepalalo ndani, ndipo yankho lake mulimve kwa wovomerezayo mwini wake. Wolandira fizi sangakuuzeni kuti katundu wake ndi wowola.

Zimenezi zinagwa m'banja mwathu mwenimweni. Mwana wa achemwali anga, mtsikana wa masamu m'mutu, ankafunitsitsa kudzagwira ntchito ku banki. Mayi ake anagulitsa matumba onse a soya a chaka chimenecho, n'kuwonjezerapo ng'ombe imene malemu bambo ake anasiya, kuti akayambe pa koleji ina m'tauni. Ine anandiuza atalipira kale. Kolejiyo inali pamwamba pa mashopu, zipinda zitatu, chimodzi cha ofesi. Pa khoma la ofesiyo anamatapo zizindikiro za mabungwe a ku Britain ndi zithunzi za anthu ovala magauni. Ana anauzidwa kuti mayeso amachokera kunja, choncho ndalama za mayeso azipereka pa ofesi pomwepo, sukulu izitumiza yokha. Risiti yake ndinaiona ndi maso angawa: ya m'kabuku kogula m'shopu ya zolembera, yolembedwa ndi bolopeni, yopanda chidindo, yopanda nambala ya wophunzira.

Tsiku la mayeso litakwana, mtsikanayo analawirira ku malo olembera, kalikuleta ndi mapensulo zili m'manja. Dzina lake panalibe. Anzake a pa koleji yomweyo chimodzimodzi. Anandiimbira ali panja pa geti, mawu akunjenjemera: "Amalume, akuti sindinalembetse. Komatu risiti ndili nayo." Nditalembera bungwe la mayesolo, linayankha kuti munthu wa dzina limenelo silikumudziwa, ndipo ndalama zake sizinafikeko. Akuluakulu a koleji ananamizira kusowa kwa ndalama zakunja, n'kupepesa, ndipo pofuna kutseka ana pakamwa anawapatsa dipuloma yawoyawo ya zabanki, ya chidindo chagolide, yokongola kwabasi. Atapita nayo ku yunivesite kuti apitirize digiri, anamuuza mwaulemu kuti pepala limenelo saliwerengera. Zaka ziwiri zinathera pamenepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'Malawi muno, mphamvu yonena kuti yunivesite kapena koleji yopereka madigiri ndi yoyenera ili ndi National Council for Higher Education, imene ambiri amangoti NCHE, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe. Pa zikalata zake muona mawu awiri achingerezi amene amasokoneza anthu, ndipo akathyali amadyera pa chisokonezo chomwecho. Registration ndi kulembetsa: sukulu yaloledwa kutsegula zitseko ndi kulandira ophunzira. Accreditation ndi kuvomerezedwa: akatswiri afika, aona aphunzitsi, mabuku, zipinda, silabasi ndi kayendetsedwe ka mayeso, ndipo akhutira. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma isanavomerezedwe. Ikhozanso kukhala yovomerezedwa, koma kosi imene inuyo mukuifuna n'kupezeka kuti pa mndandanda palibe, chifukwa kuvomereza kumachitika kosi ndi kosi. Digiri ya zaumulungu kapena ya zauphunzitsi ikavomerezedwa, sindiye kuti ya akaunti kapena ya zabanki ya pa sukulu yomweyo yavomerezedwanso.

Choncho satifiketi yopachika pa khoma la ofesi isakugwetseni mphwayi yofufuza. Iwerengeni bwinobwino. Ikunena za chiyani? Ya chaka chiti? Ya nthambi iti, popeza masukulu ena amatsegula nthambi ku Mzuzu kapena ku Mangochi n'kumaonetsa kalata ya kulikulu? Mukatero pitani pa tsamba la intaneti la NCHE, kapena ku ofesi kwawo, mukapeze dzina lenileni la kosiyo, liwu ndi liwu. Mndandandawo umasintha, ndipo chilolezo chimene chinalipo chaka chatha chikhoza kukhala chitachotsedwa. Mukamva akuti "mapepala athu ali ku NCHE, tikungodikira," kapena "pomwe muzidzamaliza zidzakhala zitatheka," bwezani ndalama m'thumba. Mwina akunena zoona, koma zikakanika wotaya zaka ndi mwana wanu. Dziwaninso kuti ngongole ya boma ya ophunzira, ya ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, imapita kwa ophunzira a m'masukulu ovomerezedwa okha, ndipo zotsatsa ntchito za boma ndi za makampani akuluakulu zimanena poyera kuti pepala lichokere ku sukulu yovomerezeka.

Sindikuti sukulu iliyonse yomwe si ya boma ndi yachinyengo, ayi. Malo a ku MUBAS, imene mpaka 2021 inali Polytechnic, a ku University of Malawi ku Zomba ndi a ku Malawi College of Accountancy sangakwanire ana onse okhoza, ndipo alipo masukulu a mipingo ndi a anthu wamba amene akugwira ntchito yotamandika. Sukulu yoona mtima sikwiya mukaifunsa mafunso. Imakutulutsirani kalata n'kukuuzani kuti mukatsimikize nokha. Imene ikukukakamizani kulipira lero lomwe, ati mawa malo atha, ndiye muiope.

Palinso nkhani imene otsatsa satchula. Ntchito ya zachuma si imodzi, ndipo khomo lililonse lili ndi mlonda wakewake. Wofuna kukhala akauntanti kapena odita adziwe kuti digiri payokha simusandutsa munthu chartered accountant. Chiyambire lamulo la 2013 la Public Accountants and Auditors Act, mayeso ndi umembala wa ntchitoyi zili m'manja mwa Institute of Chartered Accountants in Malawi, ICAM, imene inalowa m'malo mwa SOCAM ndi PAEC zomwe achikulirefe timazikumbukira, pamene Malawi Accountants Board ndiyo imayang'anira ntchito yonseyi pamodzi ndi masukulu ophunzitsa akaunti. Ena amadzera ku ACCA kapena ku CIMA, mabungwe a ku Britain. Wa ACCA, kuwonjezera pa mayeso oposa 10, amayenera kugwira ntchito yeniyeni miyezi 36 asanatchedwe membala. Wa zabanki ali ndi Institute of Bankers in Malawi, wa inshulansi ali ndi Insurance Institute of Malawi. Wofuna kusamala ndalama za penshoni kapena kulangiza anthu za masheya a pa Malawi Stock Exchange adzamva za CFA, ya ku America, yomwe ili ndi magawo atatu a mayeso olimba ndi maola 4,000 a ntchito. Wolakalaka ku Reserve Bank kapena ku Treasury pa Capital Hill, nthawi zambiri njira yake ndi digiri ya economics yokhala ndi masamu okwanira.

Ndiye musanafunse kuti sukulu yabwino ndi iti, mwana ayambe wayankha kuti akufuna kudzakhala pa desiki iti. Akayankha, pezani munthu amene ali pa desiki yoteroyo, kaya ndi wa kumpingo kwanu kaya ndi mnansi, mumufunse kuti anadzera pati. Kenako funsani bungwe loyenera ngati digiri ya sukulu mukuiganizirayo imapereka ma exemption, kutanthauza mapepala amene mwana sadzalembanso chifukwa anawaphunzira kale. ACCA imachotsera mpaka mapepala 9 munthu wa digiri ya akaunti imene iwo anaiunika, ndipo pa tsamba lawo pali poti mulembe dzina la sukulu ndi la kosi n'kudzionera nokha. Kuchotseredwa mapepala 9 ndi kuyambira pansi, kusiyana kwake ndi zaka zingapo za moyo wa munthu ndi ndalama zankhaninkhani.

Pamene anagwera mwana wa achemwali anga ndichedwepo pang'ono. Makoleji ambiri ang'onoang'ono amangophunzitsa, mayeso n'kuchokera ku bungwe lina monga ICAM, ACCA, ABE kapena ICM. Palibe cholakwika pamenepo. Ambiri a ife tinadzera momwemo, kulowa m'kalasi madzulo titaweruka. Koma wophunzitsa ndi wina, woyesa ndi wina, ndipo ubale wa mwana wanu ndi woyesayo usadutsire m'thumba la munthu. Wophunzira aliyense akhale ndi nambala yakeyake yochokera ku bungwe la mayeso, yolembetsedwa ndi imelo yake. Azitha kulowa yekha pa intaneti n'kuona kuti ndalama zafika, dzina lili pa mndandanda wa olemba. Kumene kungatheke, ndalama za mayeso lipirani nokha ku banki, mu akaunti ya bungwelo. Fizi nayo ilowe mu akaunti ya dzina la sukulu. Pa nambala ya foni ya munthu musatumize ngakhale atanena kuti ndi mwini sukulu. Risiti iliyonse muisunge m'pulasitiki ngati kalata ya munda. Amene akukaniza mwana kuona nambala yake ali ndi chimene akubisa.

Werengeraninso nkhani ya ndalama zakunja musanalowe. Mayeso a mabungwe akunjawa amalipiridwa m'mapaundi kapena m'madola. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Banja limene linasunga K1,180,000 kuti lilipire madola 1,000 linadzuka m'mawa likuperewera ndi K520,000, kosi yomweyo, mayeso omwewo. Pamenepo simunawerengere masabata odikira kuti banki ikupezereni madolawo, tsiku lotsekera kulembetsa likuyandikira. Ndikudziwa anzanga amene anasiyira panjira atatsala ndi mapepala awiri okha. Mayeso a ICAM amalipiridwa m'kwacha, ndipo kwa mabanja ambiri chimenechi n'chifukwa chokwanira choyambira kumeneko. Njira yakunja ili ndi ubwino wake, makamaka kwa wofuna kudzagwira ntchito m'maiko ena, koma werengerani mtengo wa ulendo wonse, kufikira pepala lomaliza, pamodzi ndi ndalama ya umembala ya chaka ndi chaka.

Za kunja ndi za pa intaneti ndiye kuli afisi enieni. Mu Meyi 2015 nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti kampani ya Axact, ya mumzinda wa Karachi ku Pakistan, inali ndi masamba a pa intaneti oposa 300 a masukulu ndi mayunivesite amene sanakhaleko n'komwe. Mayina ake ankamveka ngati a ku America, zithunzi zake zinali za nyumba zokongola, ndipo amene ankaoneka ngati mapulofesa anali ochita zisudzo olembedwa ganyu. Anapanganso mabungwe abodza ovomereza masukulu abodzawo, moti munthu wofufuza mothamanga ankapeza zonse zili m'malo mwake. Mu 2018 BBC inapeza kuti mapepala oposa 3,000 a kampaniyi anagulitsidwa kwa anthu a ku Britain kokha m'zaka za 2013 ndi 2014. Ena mwa ogulawo ankaimbiridwanso foni pambuyo pake, kuopsezedwa kuti akapanda kuwonjezera ndalama aululidwa. Malonda a mtundu umenewu sanathe, ndipo uthenga wake umafika pa foni ya ku Mchinji monga umafikira pa foni ya ku London. Digiri yoperekedwa chifukwa cha luso la kuntchito popanda kalasi kapena mayeso, MBA (masters ya zabizinesi) ya miyezi itatu, mtengo wotsika ndi theka mukalipira lero: zonsezi thawani. Kuonetsa pepala labodza pofuna ntchito ndi mlandu, ndipo pa ntchito yogwira ndalama za anthu, mukagwidwa kamodzi palibenso adzakupatseni makiyi a sefa.

Masukulu a bizinesi odziwika pa dziko lonse amaunikidwa ndi mabungwe atatu: AACSB ya ku America, EQUIS ya ku Brussels ndi AMBA ya ku London. Ku South Africa, sukulu ya bizinesi ya University of Cape Town ndi ya Stellenbosch zili ndi zidindo zonse zitatu. Komatu chizindikiro pa kabuku kotsatsa aliyense angathe kumata. Lowani pa tsamba la bungwe lovomerezalo, mukaone ngati dzina la sukuluyo lilipo, ndipo muwerenge liwu lake mosamala: member si accredited, chifukwa sukulu ikhoza kulowa umembala wa AACSB isanavomerezedwe. Ngakhale dziko la masukulu amphamvu ngati South Africa linafika pochotsa chilolezo ma MBA 10 mu 2004, Council on Higher Education itawaunika n'kupeza kuti sakukwanira. Abale amene muli ku Joni mukufuna kuphunzira madzulo, koleji yomwe si ya boma iyenera kupezeka m'kaundula wa Department of Higher Education and Training. Amene maso anu ali ku Britain, ajenti asakunamizeni: kuyambira Januwale 2024, wopita kukachita masters ya m'kalasi, MBA yomwe, saloledwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana pa viza ya sukulu, pokhapokha ngati akulipiriridwa ndi boma. Ndipo pepala lakunja mukabwera nalo kuno, oliunika ndi a NCHE omwe aja. Afunseni musananyamuke.

Za MBA ndinene mosapsatira mawu. Si ya munthu amene wavula gauni ya digiri dzulo. AMBA imafuna kuti olowa akhale atagwira ntchito zaka zosachepera zitatu, chifukwa phindu la kalasiyo lili pa zimene aliyense wabweretsa kuchokera kuntchito kwake. MBA sipatsanso munthu chilolezo chosainira mabuku a kampani ngati odita. Wachinyamata amene sanalandirepo malipiro a pamwezi, ndalama imeneyo aiike pa mayeso a ukatswiri wake.

Mapepala akapezeka kuti ali bwino, ntchito sinathe. Pitani mukaone ndi maso, tsiku wamba la pakati pa sabata. Tsiku lina pa intaviyu tinapatsa mnyamata wa digiri ya finance sitetimenti ya ku banki ndi cash book kuti agwirizanitse ziwirizo, ntchito imene kalaliki amapatsidwa mwezi wake woyamba. Anatembenuza mapepala uku ndi uku, thukuta lili kamukamu, kenako ananena chapansipansi: "Bwana, izi tinangolemba manotsi, sitinachitepo." Titamuika pa kompyuta, Excel anali asanaigwirepo. Anatiuza kuti chipinda cha makompyuta pa sukulu yawo chinalipo, koma chinkatsegulidwa kukabwera alendo okha. Mtima unandiwawa, chifukwa mnyamatayo sanali waulesi. Makolo ake analipira zonse, iye n'kulandira theka. Ndiye mukafika pa sukulu, imani panja pa geti mucheze ndi ophunzira amene simunasankhiridwe ndi a ofesi. Aphunzitsi amabwera, kapena amangotumiza manotsi pa WhatsApp? Amene akuphunzitsa auditing anayamba wachitapo odita? Zotsatira zimatuluka pa nthawi yake? Sage kapena QuickBooks anaigwirapo? PAYE ndi VAT zopita ku MRA angathe kuwerengetsa? Sukulu imawapezera kochita attachment? Amene anamaliza chaka chatha ali kuti lero? Safunsa anadya phula.

Chenjeraninso ndi sukulu imene ikuti mapointi si kanthu, masamu si kanthu, bola fizi. Polowa digiri pamafunika makirediti 6 a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo wolowa akaunti kapena finance popanda masamu akudzipweteka yekha. Kubwereza Fomu 4 chaka chimodzi si manyazi. Kuyambira pa satifiketi n'kumakwera pang'onopang'ono si manyazinso. Ena mwa akuluakulu a zachuma amene ndagwira nawo ntchito anayambira pomwepo.

Kwa inu amene mwana wanu ali kale m'kati, musadikire tsiku la gauni. Fufuzani sabata ino. Mukapeza kuti kosiyo siili pa mndandanda, pemphani thiransikiriputi ya zonse zimene waphunzira, sonkhanitsani marisiti, mulembere NCHE kalata, ndipo mufunse masukulu ovomerezedwa ngati angamulandire ndi kumuyambitsira pati. Ngati munauzidwa zabodza polipira, kadandauleni ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo ngati ndalama za mayeso zinadyedwa, nkhaniyo ndi ya apolisi. Musakhale chete chifukwa cha manyazi. Ife tinachedwa kulankhula, ndipo chaka chotsatira ana ena analipira pa ofesi yomwe ija.

Mwana wa achemwali anga anayambiranso pansi, pa satifiketi ya ICAM. Pano ali ndi nambala yakeyake, ndipo akalipira amanditumizira chithunzi cha risiti ya ku banki tsiku lomwelo. Ng'ombe ija sinabwerere. Inu amene mwawerenga chenjezoli, lifikitseni ku tchalitchi, ku mzikiti, ku banki m'khonde ndi kwa aphunzitsi a Fomu 4 a m'dera lanu, fizi isanatuluke m'nyumba.